Tsiku Limene Madala a ku Indonesia Anakana Kuti Tivote

Ine ntchito yosamalira okalamba ndaigwira mu Glasgow muno mpaka msana unandiuza kuti mayi, ukalamba sukusankha, nawenso ukubwera. Ndasambitsapo aphunzitsi, oyendetsa mabasi, ngakhale agogo ena amene ankanditukwana m'mawa n'kundipsompsona dzanja madzulo. Koma munthu amene anandikwiyitsa koposa onse, n'kundisangalatsanso koposa onse, anali madala ena ochokera ku Indonesia amene ndinkawasamalira ku Hillhead.

Tsiku loyamba ndinanyamuka kwathu ku Easterhouse kuli kamvula kaja kosadziwika ngati kakugwa kapena kakungoyendayenda m'mwamba. Ndinakwera sitima, n'kusinthira ija yapansi panthaka, mpaka kukatulukira ku Hillhead. Nyumba yake inali ya zija zakalekale zamiyala, khomo limodzi lolowera, masitepe amodzi a anthu onse, mabanja asanu ndi atatu kukhala mosanjikizana. Ndikukwera ndinaona kuti khoma lonse la m'masitepemo ndi la matailosi obiriwira okhala ndi timaluwa, owala ngati angowapukuta kumene. Sindinawalabadire. Ine ndinkangomva mawondo anga akudandaula, chifukwa fulati ya madalawo inali pafupi ndi pamwamba penipeni.

Anandilandira ndi mwana wawo wamkazi, dokotala wa pachipatala chachikulu chija cha ku Govan. Anandiuza kuti bambo ake anabwera kudzacheza, koma atangotsika ndege anadwala sitiroko, mwendo ndi mkono wa kumanzere n'kufooka. Atatuluka m'chipatala, anyamata a ambulansi anawanyamula pampando kukwera nawo masitepe onse aja. Chikwerereni tsiku limenelo, anali asanapondenso pansi.

Ndinawapeza atakhala pa njinga ya olumala pafupi ndi windo, kamunthu kochepa thupi, tsitsi lonse mbuu, koma maso akuthwa ngati a mphunzitsi wamkulu. Ndinagwada pang'ono monga mwa kwathu ku Malawi n'kuwapatsa moni ndi manja awiri. Iwo anandiyang'ana, anamwetulira mbali imodzi ya pakamwa yomwe inkagwirabe ntchito, n'kunena m'Chingerezi chawo chodekha kuti, "Mwana wanga, iwe si wa kuno. Kwanu akuluakulu amawadziwa."

Basitu, tinagwirizana pomwepo.

Zoti ndikusamalira munthu wamkulu ndinazidziwa patapita masiku. Ndikupukuta fumbi ndinaona chithunzi cha chinyumba chachikulu chodzaza ndi anthu ovala bwino, ndipo kutsogolo, pa tebulo lalitali lokwera m'mwamba, panakhala anthu ochepa. Mmodzi wa iwo, atavala kachipewa kakuda, kanyundo kamtengo kali m'manja, anali madala anga omwewa amene ndinali nditangowameta ndevu.

"Bambo, awa ndinu?"

"Ndine, nthawi imene miyendo inali iwiri."

Mayo ine! Ndinakhala pansi nsanza ili m'manja. Anali mmodzi mwa atsogoleri a nyumba ya malamulo ya dziko lonse la Indonesia. Madzulo ake nditauza mwana wanga wamkazi, iye anangondiyankha m'Chingerezi chake chija cha ku Glasgow chomwe theka lake ine sindimva, kuti bola ndisayambe kudzitcha nduna. Ana a kunowa alibe mantha.

Kuyambira pamenepo ndinkawakumba nkhani tsiku lililonse, ndipo iwo sankachita kuwakakamiza. Anabadwira pa kachilumba kakang'ono, bambo awo ankayanika kokonati n'kumagulitsa kwa amalonda obwera pa boti. Iwo anaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi wa pulayimale. Ndale anazilowa chifukwa cha madzi. Midzi iwiri inkalimbirana ngalande yothirira minda ya mpunga, anthu mpaka kutulutsirana zikwanje, ndiye mphunzitsi wachinyamatayu ankati akaweruka, n'kumayenda mudzi uno lero, mudzi winawo mawa, kudya nawo, kumva madandaulo awo. Mapeto ake anagawana madziwo mosinthana. Anthu anati uyu ndiye atiyimire ku khonsolo ya m'boma lawo. Kuchoka apo anapita ku likulu ngati phungu, kenaka aphungu a chipani chawo anawasankha kukhala mtsogoleri wawo, ndipo ukalamba ukuyandikira anakwera pa tebulo lalitali lija.

Ine ndinkafuna kumva za ndege, za mahotela, za apulezidenti amene anagwirana nawo chanza. Iwo ayi, nkhani yawo inali ya kachipinda kena kuseri kwa nyumba ya malamulo. Akuti m'nyumbamo zikavuta, aphungu akayamba kumenya matebulo ndi kulankhula onse nthawi imodzi, iwo ankagogoda kanyundo n'kuimitsa zokambirana. Ankaitanira atsogoleri a mbali zonse m'kachipindako, n'kuitanitsa tiyi ndi mpunga. Ankakhala mmenemo mpaka aliyense atapeza kanthu koti akauze anthu ake kuti ichi ndiye ndapambana nacho.

"Nanga bwanji osangovota, wochuluka n'kupambana?" ndinawafunsa tsiku lina ndikuwadyetsa phala.

"Kuvota kulipo, koma kwathu timakusiya kumapeto, zina zonse zikakanika. Ukamugonjetsa munthu pagulu, mawa umupezanso pampando womwewo, ndipo sanaiwale."

Anandiuza kuti ali phungu wachinyamata ku khonsolo kuja anaumirira kuti avote pa nkhani ya mlatho. Anapambana, anthu anawanyamula m'mwamba. Koma mkulu amene anamugonjetsayo ndi amene anali ndi malo odutsa msewu wopita pa mlathowo. Anakana kuwapereka, ndipo mlathowo unamangidwa ana amene ankafuna kuwolokerapo popita kusukulu atakwatira kale. Ine ndinaseka, ndinaiona ngati nkhani yokoma ya madala basi.

Vuto linabwera nyengo yozizira ikuyandikira. Anthu a zaumoyo amene ankabwera kudzawaona ananena mosabisa kuti munthu wosatha kutsika masitepe sangapitirize kukhala pamwamba potero. Kutabuka moto angatani? Njira zinali ziwiri. Mwina aike mpando wamagetsi uja woyenda pa njanji m'mbali mwa masitepe, wokweza ndi kutsitsa munthu, kapena madalawo apite ku nyumba yosungirako okalamba. Dokotala uja anali atapeza kale malo ku nyumba ina yabwino ya pafupi, ndipo eni ake ankadikira yankho.

Nyumba zimenezo ine ndagwiramo ntchito, ndipo sindinganame kuti n'zoipa. Koma ndinkadziwa kuti madala anga akakalowa kumeneko, sakapeza wowaphikira masamba a chinangwa ndi tsabola monga tinkachitira, sakamvanso chilankhulo chawo madzulo mwana wawo akaweruka. Akanangokhala pakona n'kumazima pang'onopang'ono. Mtima unkandiwawa ndikaganiza zimenezo.

Tsono masitepe aja sanali a dokotala yekha, anali a mabanja onse asanu ndi atatu. Kuti mpando uikidwe, pankafunika chilolezo cha eni nyumba, ndipo dokotala anafufuza n'kupeza kuti ochuluka akavomera, nkhani yatha. Anakonza zoti aitane onse ku msonkhano m'fulati mwake.

Abale, mukanawaona madala aja atamva mawu akuti msonkhano! Munthu amene ankangosinza pawindo anadzuka ngati wamwa mankhwala atsopano. Anandifunsa za khomo lililonse, mukukhala ndani, ali ndi ana kapena ayi, amatuluka nthawi yanji, amakwiya ndi chiyani. Kenaka analamula kuti tikazinge nthochi zoviika mu ufa monga amachitira kwawo, ndipo ine ndikapereke khomo ndi khomo.

Ine ndinavomera ndi mtima wonse, chifukwa ndi mmenenso timachitira kwathu. Ukafuna kanthu kwa mnzako supita chimanjamanja. Chomwe tonse awiri tinaiwala n'chakuti ku Glasgow munthu sagogoda pakhomo la mnzake asanapangane, mbale ili m'manja. Wina anaganiza kuti ndikugulitsa. Wina anandiuza mwaulemu kuti ali kale ndi mpingo wake. Ophunzira a ku yunivesite a fulati yapamwamba okha ndi amene analanda mbaleyo ndisanamalize n'komwe kulankhula, n'kufunsa ngati zilipo zina. Komabe pofika kumapeto kwa sabata, ambiri anali atamvetsa, atadya, ndipo atalonjeza kuti adzavomera. Ndinkakwera masitepe aja ndikuimba, mawondo osawamvanso.

Khomo limodzi lokha ndi lomwe linandivuta, la pansi penipeni kumanja. Munkakhala mayi ena achikulire a konkuno ku Scotland, amasiye, aatali, oonda, magalasi ali pamphuno. Anatsegula chitseko pang'ono, anayang'ana mbale, anandiyang'ana ine.

"Ndikudziwa chimene mwabwerera. Yankho langa ndi ayi. Zikomo."

Chitseko gwa!

Nditabwerera n'kuwauza, madala anafunsa modekha kuti, "Ayi wakeyo anamunena bwanji? Kwathu munthu akati ayi, nthawi zambiri amakhala akuti pakali pano ayi."

"Bambo, ameneyu ndi ayi wa kuno. Alibe kuseri."

Anangogwedeza mutu n'kupempha kuti ndiwasitire malaya awo a maluwa aja a kwawo.

Tsiku la msonkhano linali Loweruka masana. Ine sinali shifiti yanga, koma ndani akanandiletsa? Ndinavala chilundu changa cha ku tchalitchi, ndinafika msanga, ndinakazinga nthochi zina mulu. Madala tinawakhazika kumutu kwa tebulo lodyera, malaya a maluwa, kachipewa kakuda kali pamutu. Dokotala ndiye amayenera kutsogolera, koma asanatsegule n'komwe pakamwa, bambo ake anagogoda patebulo ndi chala n'kuthokoza aliyense pomutchula ndi khomo lake. Anthu aja, amene ena anali asanalankhulanepo chikhalireni nyumba imodzi, anatchera khutu ngati ali m'kalasi. Ine mtima unkangoti phaphapha ndi chimwemwe.

Anapatsa mpata aliyense. Bambo wina wa ana awiri anafunsa ngati ngolo ya mwana idzadutse, anamuyankha. Ophunzira aja anati iwo alibe vuto, mwini fulati yawo anawatuma kuti avomere. Pomaliza madala anatembenukira kwa mayi a pansi aja.

Mayiwo anaimirira, chikwama chili m'khwapa. Anati chinthu chimenecho n'chonyansa, chidzapanikiza njira, ndipo amisiri adzaboola khoma n'kuswa matailosi amene sapezekanso kwina kulikonse. Anati akumva chisoni ndi matenda a bambowa, koma yankho lawo silisintha. Palibe amene anawayang'ana kumaso.

Dokotala anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Chabwino, tamva mbali zonse. Tiyeni tikweze manja."

Ine dzanja langa linali kale m'mwamba, chonsecho ndinalibe voti, nyumba yanga ili ku Easterhouse. Ndinaona manja enanso akuyamba kunyamuka. Tinali titapambana, abale, zinali zoonekeratu!

Pomwepo madala anagogoda patebulo kawiri.

"Msonkhano waima. Lero sitivota. Mwana wanga, bweretsa tiyi," anatero akuyang'ana dokotala.

Dzanja langa linatsala m'mwamba lokha ngati la mwana wopempha kupita kuchimbudzi. Anthu anamwa tiyi mosokonezeka, anadya nthochi, n'kumatuluka mmodzimmodzi. Mayi a pansi aja anatuluka oyamba, tiyi osamukhudza.

Chitseko chitangotsekedwa ndinaphulika. Ulemu wonse wa kwathu ndinauika pambali.

"Bambo, mwatani? Mwatani kodi? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo! Anthu anali atakweza kale manja! Ine ndathyoka miyendo ndi nthochi zanu sabata yonse, inu n'kukataya zonse chifukwa cha mayi mmodzi wouma mtima?"

Dokotala sanakalipe, iye anangoyamba kulira. Anawakumbutsa kuti a ku nyumba ya okalamba aja akufuna yankho Lolemba, ndipo akawakana, malo ena abwino chotero pafupi sadzapezekanso. Nkhani ya mpandoyi ikadzalephereka pambuyo pake, adzapita kulikonse kumene kudzapezeke bedi, ngakhale kunja kwa mzinda.

Madala anatisiya mpaka titatopa. Kenaka anauza mwana wawo kuti, "Uwauze kuti malowo apatse wina."

"Bambo!" anakuwa dokotala.

"Mpando umenewo udzadutsa pakhomo pa mayi aja tsiku lililonse, ine ndili pamenepo. Mukufuna ndizidzatsika ngati munthu amene anawagonjetsa pamaso pa anzawo, m'nyumba imene akhalamo zaka zambirimbiri? Ine ndine mlendo pano."

Ndinatenga jekete langa n'kutuluka osatsanzika. M'sitima monse ndinkangolankhula ndekha, mpaka mayi wina anasuntha n'kukakhala kwina. Lamlungu ku tchalitchi ndinauza amayi anzanga, ena ndi manesi, ena osamalira okalamba ngati ine, ndipo onse anagwirizana nane kuti ukalamba wawalowa m'mutu madalawo. Tinawapempherera, koma ine pemphero langa linali lokwiya.

Lolemba dokotala anaimbadi foni n'kukana malo aja. Ine ndinafika nkhope ili ndwii. Madala anachita ngati sakuona. Nditamaliza kuwasambitsa anati, "Pita kwa mayi a pansi aja. Usatenge mbale. Za mpando usatchule. Ukawauze kuti ine matailosi amene akuwanenawo sindinawaonepo, chifukwa tsiku limene anandikweza muno ndinali nditatsinzina ndi mantha. Ndikupempha adzandiuze mmene alili."

Ndinapita mokoka miyendo. Mayi aja anandimvetsera chitseko atachigwira, ndipo ndinkadikira kuti chindimenyenso pamphuno. Koma anangoti, "Sanawaonepo?" ngati ndawauza kuti munthuyo sanaonepo dzuwa.

Masana omwewo tinamva kugogoda. Anali iwo, atanyamula tailosi imodzi yokulunga m'kansalu, imene inagwa kalekale iwo n'kuisunga. Anaiika m'dzanja labwino la madala. Madala anaitembenuza, anaisisita ndi chala, anafunsa dzina la duwalo. Basi, mayi aja anamasuka ngati mpopi. Anati analowa m'nyumbayi ali mkwatibwi, amuna awo akugwira ntchito yopanga sitima za pamadzi ku Govan. Masiku amenewo khomo lililonse linali ndi sabata yake yokolopa masitepe, ndipo mayi wolephera ankanenedwa msewu wonse. Anzawo onse aja anamwalira kapena kusamuka. Obwera masiku ano amangodutsa, matope ali kuphazi, ndipo iwo okha ndi amene amapukutabe khomalo ndi manja awo. Nkhani ya mpandoyi anaimva anthu ena onse atagwirizana kale.

"Palibe anandifunsa. Anangobwera kudzandiuza," anatero.

Apo ine ndinayang'ana pansi, chifukwa khomo lawo ndinalifika pomalizira penipeni.

Ndinkayembekeza kuti tsopano madala aponya mawu a mpando. Ndinkawatsinzinira diso, ndinkatsokomola, mpaka ndinagwetsa supuni dala. Iwo ayi ndithu. Anangofunsa za amuna awo a mayiwo, za sitima zimene anapanga, n'kuwauza kuti mwina ina mwa izo inafikako ku zilumba za kwawo. Mayi aja atapita ndinati, "Bambo, mpata wonse uja?" Iwo anati, "Kwanu kulibe mwambi wa munthu wopupuluma?" Ndinawauza kuti timati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti nkhono za ku Malawi ndi za ku Indonesia n'zimodzi.

Mayi aja anabweranso, n'kubweranso. Ulendo wina anabwera ndi mabisiketi awo a batala, ulendo wina anadya nthochi zathu zija n'kunena kuti mafuta achuluka. Za mpando, zii. Kunja kunkazizirirabe, dokotala ankaonda ndi nkhawa, ndipo a zaumoyo anafunsanso kuti tagwirizana zotani. Ine usiku tulo sindinkaliona bwino.

Kenaka madala anauza mwana wawo kuti aitane mmisiri wa kampani ya mipandoyo adzangoyeza, osaika kanthu. Mmisiriyo atafika n'kuyamba kufotokoza, madala anamudula. "Ine masitepewo sindiwadziwa. Mwini wake ali pansi kumanja. Chilichonse ukafunse kumeneko, ndipo chimene akane, chakanika."

Ha! Ndinatsika naye kuti ndikaone. Mayi aja anatuluka atavala epuloni, ndipo mnyamata wa kampaniyo anaona zakuda. Anamuyendetsa kukwera ndi kutsika, kumufunsa chilichonse. Uboola pati? Iye anati njanjiyo imamangidwa pa masitepe penipenipo, khoma salikhudza. Anamuuza kuti abwerezenso. Anabwereza. Nanga mpandowo ukakhala kuti sukugwira ntchito? Anati umapindika. Mayi aja anamuuza mbali imene njanji idutse, anamuuza kuti mpandowo uzigona pamwamba osati pakhomo pawo, ndiponso kuti tsiku loika iwo adzakhala pomwepo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mnyamatayo ankangoti inde mayi, inde mayi, thukuta lili kamukamu m'nyumba yozizira ngati imene ija.

Ndinathamanga kukwera masitepe ngati mtsikana. "Bambo! Bambo! Akulamula okha mbali yodutsa njanji!" Madala anangotseka maso n'kunena kuti, "Uitane msonkhano upitirire."

Anthu anasonkhananso pa tebulo lomwe lija. Ulendo uno madala anapereka mpata woyamba kwa mayi a pansi. Anaimirira, chikwama m'khwapa monga kale.

"Chinthuchi sindikuchikondabe. N'chonyansa, ndipo chidzakhala chonyansa mpaka kalekale. Koma bambowa akufunika kutuluka panja. Chiikidwe mmene ndanenera ine, ndipo wina aliyense muno ayambe kupukuta mapazi polowa."

Madala anayang'ana munthu aliyense, mmodzimmodzi, osathamanga. "Tagwirizana?" Onse anati eya. Palibe dzanja linakwezedwa. Anagogoda patebulo kamodzi, ndipo ine ndinathawira kukhitchini chifukwa misozi inali itayamba kale, ndinkaseka ndi kulira nthawi imodzi.

Mpando unaikidwa mayi aja ataimirira pambali ngati kapitawo. Tsiku loyamba kuugwiritsa ntchito, dokotala anapempha tchuthi kuntchito. Tinawaveka madala majekete awiri, mpango m'khosi, bulangete pamiyendo. Ine ndinatsogola ndi njinga yawo kukaidikiritsa pansi. Kenaka ndinamva kulira kwa kamakina kuchokera pamwamba, pang'onopang'ono, ndipo anatulukira pokhota masitepe atakhala mowongoka ngati akulowa m'nyumba ya malamulo. Zitseko zinatseguka, ophunzira aja ankaimba m'manja, ana awiri aja ankakuwa kuti nawonso akufuna kukwera. Mayi a pansi ankatsika pambali pawo akuwalozera timaluwa ta pakhoma n'kumawachenjeza kuti angoona ndi maso, asagwire.

Atafika pansi, ine ndi dokotala tinawasamutsira pa njinga. Ndinatsegula chitseko chachikulu, mphepo yozizira inalowa, kunja kukugwa mvula. Ndisanakankhe, madala anandigwira pamkono.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu kuti mwana wawo asamve, "tsiku lija ndinaimitsa msonkhano, sindinkadziwa ngati mayiwa adzavomere. Ndinkaopa kwambiri. Ndinkaganiza kuti ndidzafera kwa alendo."

"Ndiye bwanji simunanene, bambo inu? Ine kukalipa konse kuja!"

"Ukanandikakamiza kuvota, ndipo ndikanalola."

Ndinawakonza mpango m'khosi, ndinapukuta maso anga ndi mkono wa jekete, n'kukankha njinga kutulukira pa msewu. Mvula inawagwa kumaso, iwo anakweza nkhope n'kutsegula pakamwa ngati kamwana. Ine ndinaimba nthungululu pakati pa Hillhead, anthu odutsa n'kumatembenuka, ndipo sindinasamale.

"Tilowere kuti, bambo?"

"Kulikonse, mwana wanga. Ingokankha."